Mkaka wa turmeric: tiziwamwetsa ana usiku uliwonse?

Make Tadala:
Mwaswera bwanji nonse? Ndithandizeni maganizo. Chiyambireni kuzizira kuno ana anga akungolandizana chimfine, uyu akati wapeza bwino winayo wayamba mamina. Mnzanga wa kukwaya wandiuza kuti ndiziwawiritsira mkaka wothira turmeric, ufa wachikasu wothira mu ndiwo uja, asanagone, akuti umalimbitsa thupi ndipo ndicho chinsinsi cha amwenye. Alipo pano amene amamwa? Mumathira wochuluka bwanji? Nanga wamng'onoyu, ali ndi miyezi 8, angalawe nawo?

Nachisale:
Ndakhala pansi kuti ndimve nawo. Kwathunso n'kutsokomola kokhakokha, usiku sitikugona.

Nabanda wa ku Limbe:
Make Tadala, mwafunsa zomwe ndikuzidziwa. Ndinaphikirapo banja lina la amwenye kuno ku Limbe zaka zambirimbiri, ana amene ndinawapeza akukwawa anakwatira ine ndikuona. Mkaka umenewo amautcha haldi doodh. Woutereka anali agogo aakazi a m'nyumbamo, ine yanga inali kuyang'anira kuti usasefukire.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Kapu imodzi ya mkaka, turmeric theka la kasupuni ka tiyi, osati supuni yodyera phala ayi. Thirani turmeric mkaka usanatenthe n'kutakasa, chifukwa mukathira utawira kale ufawo umachita timibulu. Moto wapang'ono. Mukamva kuti kafungo ka dothi kaja kachepa, thovu layamba kuonekera m'mbali mwa poto, phulani. Agogowo ankatsinamo tsabola wakuda wopera, wongokwana pa zala ziwiri, nthawi zina kachidutswa ka jinja kophwanya, ndi kadontho ka ghee, mafuta a mkaka aja. Shuga wawo anali wabulawuni wa chibuma, koma wathu wamba amatheka.

Chimene mnzanu wa kukwayayo wawonjezera ndi ichi cha usiku uliwonse. M'nyumba imene ija sunali wa tsiku ndi tsiku. Unkatuluka mwana akayamba kukanda pakhosi, akagwa pa njinga n'kutupa bondo, kapena mayi akangochira kumene. Ndipo mwana akatentha thupi panalibe zoti tidikire mkaka ugwire ntchito. Galimoto inkalizidwa usiku womwewo, ulendo wa kwa dokotala.

Anesi Opuma:
Ndiyambe ndi wa miyezi 8, chifukwa ndi amene wandidzutsa pampando. Ameneyo musampatse. Mwana amene akuyamwa safunika mkaka wa ng'ombe, bere ndi phala lake lothira nsinjiro zamukwanira, ndipo akadwala chimfine mankhwala ake n'kumuyamwitsa pafupipafupi. Ndikudziwanso kuti wina pano anena kuti thiranimo uchi. Uchi kwa mwana wosakwana chaka ndi woletsedwa. Mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda otchedwa botulism, amene amafooketsa khanda mpaka kulephera kuyamwa ndi kupuma.

Akuluakuluwo angamwe, palibe choopsa, ndipo chinthu chofunda chimafewetsadi pakhosi. Koma Make Tadala, kumbukirani dziko lomwe tikukhala. Mwana akatentha thupi, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Akamapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, chimenecho chingakhale chibayo, thamangani. Munthu wamkulu akatsokomola masabata awiri, akapereke makhololo.

China choti mudziwe nonse: chimfine wamba chimatha chokha pakapita sabata kapena masiku 10. Ndiye chilichonse chimene mwampatsa mwana tsiku lachisanu chimatenga ulemu woti chachiritsa.

Bambo a Mphatso:
Pepani ndifunse nawo, ife abambo za kukhitchini timangomvera. Curry powder amene timathira mu nyama uja ndi yemweyo?

Nabanda wa ku Limbe:
Ayi bambo, chonde! Mu curry powder turmeric alimo ndithu, ndi amene amaupatsa mtundu, koma mulinso coriander, tsabola wowawa ndi zina, mwinanso mchere. Mukathira mu mkaka ndiye kuti mwaphika msuzi. Gulani wolembedwa kuti turmeric basi.

Nachisale:
Kkkkk a Bambo a Mphatso akanawamwetsa ana supu wa mkaka.

Mayi Geni:
Abale anga musavutike ndi zowiritsawiritsa. Ine ndili ndi makapisozi a turmeric ochokera kunja, amphamvu kuposa ufa wa pamsikawu. Amatsitsa BP, shuga, amatsuka chiwindi, nyamakazi imatheratu, ngakhale a khansa akupeza bwino. Zachilengedwe zokhazokha, zilibe vuto lililonse. Ofuna ndipezeni ku inbox.

Admin:
Amayi, tsiku la malonda pagulu pano ndi Loweruka, mukudziwa. Uthengawu sindiufufuta chifukwa mwatchula matenda akuluakulu, ndikufuna odziwa ayankhepo anthu onse akuona.

Aphunzitsi a Sayansi:
Zikomo a Admin. Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a ku pulayimale.

Chimene chimapatsa turmeric mtundu wachikasu uja ndi curcumin, ndipo ndi amene ofufuza amalimbana naye. Mu ufa wamba amakhalamo wochepa, magawo atatu pa 100 kapena kuzungulira pamenepo. Theka la kasupuni limene anena a Nabanda ndi pafupifupi galamu imodzi ndi theka, ndiye kuti m'kapu muja muli curcumin mamiligalamu 50 kapena kuchepera apo. Komiti ya akatswiri a WHO ndi FAO yoona zothira m'zakudya inaika mlingo woti munthu angadye tsiku ndi tsiku popanda nkhawa: mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Munthu wa makilo 60 ndiye kuti 180. Kapu ya munthu wamkulu ili pansi kwambiri. Mwana wa makilo 20 mlingo wake ndi 60, choncho kwa ana ndingati kotala ya kasupuni yakwana.

Tsopano tengani botolo la makapisozi muwerenge kumbuyo. Ambiri amalemba 500 pa kapisozi imodzi, ndipo amati muzimwa awiri kapena atatu patsiku. Mwaona kuti tachoka kale kukhitchini?

Nkhani ina ndi yoti thupi silimulandira bwino curcumin. Wambiri amangodutsa m'matumbo, wochepa amene walowa chiwindi chimamuphwanya msanga. Sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, n'chifukwa chake mkaka wa mafuta ake ndi ghee uja zili ndi nzeru. Tsabola wakudanso ali ndi ntchito. Mu 1998 ofufuza a ku Bangalore anapeza kuti akaphatikiza curcumin ndi piperine, chimene chimawawitsa tsabola wakuda, wofika m'magazi amachuluka ka 20. Opanga makapisozi anaigwira nkhani imeneyo, ndiye amathiramo piperine wambiri kapena kupanga njira zina zoti alowe m'magazi mokakamiza. Mavuto anayambira pamenepo. Mu 2019 ku Italy kunapezeka anthu angapo otupa chiwindi atamwa makapisozi oterewa, ndipo mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku Australia linachenjeza anthu za vuto lomwelo. Sizichitika kwa aliyense, n'zosowa ndithu, koma zimachitika. Chenjezo la ku Australia lija linanenanso poyera kuti turmeric wa m'zakudya sakukhudzidwa.

Mayi Geni:
Aphunzitsi, inu mumawerenga mabuku, ine ndimaona anthu. Makasitomala anga amabwera okha kudzathokoza. Mukufuna kungondiphera geni.

Anesi Opuma:
Amayi anga, geni yanu sitikuida, tonse tikusaka ya ndiwo. Koma amene sanapeze bwino sabwera kudzakuuzani, amabwera kwa ife ku wodi. Ine ndagwira ntchito m'chipatala mpaka kupuma, ndipo ndinalandirapo anthu amene anasiya mankhwala a BP chifukwa wina anawauza kuti zachilengedwe zawachiritsa. Ankabwera atanyamulidwa, mbali imodzi itafa. BP siimveka kuwawa, munthu amadziona ngati ali bwino mpaka tsiku lomwe wagwa.

Mwati amatsuka chiwindi. Chiwindi sichitsukidwa, ndicho chimasefa zonse zomwe timamwa, ndipo ndi chomwecho chavulala kwa anthu amene atchula aphunzitsiwa. Amene mukumwa makapisoziwa, mukaona maso achita chikasu, mkodzo wada, thupi likuyabwa, nseru osatha, siyani lero lomwe mupite kuchipatala ndi botololo m'manja. Ndipo amene muli pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a shuga kapena a khunyu, musawonjezere makapisozi alionse musanamuuze dokotala wanu.

Funso langa kwa inu Mayi Geni ndi limodzi: katundu wanuyo a PMRA, oona za mankhwala m'dziko muno, anamuona?

Nachisale:
Mayi Geni mwamva funso?

Achimwene a ku Durban:
Koma abale tisamanyoze zinthu za makolo a anthu. Ine ndili kuno ku Durban, amwenye anafika kuno mu 1860 kudzalima nzimbe, mpaka lero mukalowa mu Victoria Street Market mupeza milumilu ya turmeric. Bwana wanga akangomva kuti ndikutsokomola amandiuza za mkaka womwewu. Nthawi ya Covid, mu 2020, unduna wa boma la India woona za mankhwala a makolo unalangiza anthu kumwa theka la kasupuni ka turmeric mu mkaka wotentha wa mamililita 150, kamodzi kapena kawiri patsiku. Boma lathunthu! Komanso azungu a ku America anafuna kuba nzeru imeneyi, anailembetsa ngati yawo, India anawatengera kubwalo n'kuwina. Chinthu chopanda ntchito munthu angachibe?

Aphunzitsi a Sayansi:
Achimwene, nkhani mwaitchulayo ndi yoona koma ndiiwongole pang'ono. Mu 1995 ofesi ya ma patent ku America, yolembetsa umwini wa nzeru zatsopano, inapereka umwini wa njira yopoletsera zilonda ndi turmeric kwa ofufuza awiri a pa University of Mississippi Medical Center. Awiriwo anali ochokera ku India komweko. Bungwe la kafukufuku la boma la India, CSIR, linatsutsa, linabweretsa zolembedwa zakale kuphatikizapo za m'chinenero cha Sanskrit, ndipo mu 1997 umwiniwo unafafanizidwa. Koma chifukwa chake chinali choti nzeruyo si yatsopano, anthu akhala akuchita zimenezo kuyambira kalekale. Sanaweruze zoti imachiritsa kapena ayi. Ndiponso inali nkhani ya zilonda, si BP kapena khansa.

Za mu 2020 zija anazitulutsa ngati malangizo odzisamalira pakhomo, pamodzi ndi kumwa madzi ofunda. Ifenso kuno tinafukiza bulugamu mpaka mitengo kuyera m'misewu, tinamwa jinja ndi mandimu mpaka mitengo yake kukwera pamsika. India yomweyo inapanga katemera wambirimbiri, ndipo woyamba amene tinabayitsa kuno mu 2021 anachokera komweko.

Sindikunyoza ayi. Curcumin mu labotale amachita zodabwitsa, amachepetsa kutupa, amapha maselo a khansa m'mbale zoyesera. Vuto ndi loti munthu si mbale yoyesera. Mu 2017 akatswiri ena anaunika kafukufuku yense amene analipo, m'magazini ya Journal of Medicinal Chemistry, ndipo ananena kuti sanapeze kuyesa kokhwima pa anthu kumene curcumin anapambana ngati mankhwala. Za khansa zomwe zimazungulira pa WhatsApp, zina mwa izo gwero lake ndi wofufuza wina wa ku Texas amene mapepala ake ambiri anachotsedwa m'magazini atapezeka ndi zithunzi zosinthidwa.

Achimwene a ku Durban:
Chabwino aphunzitsi, za awiri aja sindimadziwa kuti anali amwenye. Koma ine ndikamwa ndimagona tulo tabwino ndipo pakhosi pamafewa. Zimenezo ndiye musandilande.

Aphunzitsi a Sayansi:
Zimenezo sindingakulandeni, imwani ndithu. Ine ndimamwanso kukazizira.

Asisi a ku Leicester:
Moni kumudzi. Ndaseka ndi nkhaniyi chifukwa kuno amaugulitsa m'malo omwera khofi, amautcha turmeric latte kapena golden milk, ndipo mtengo wa kapu imodzi mungagulire paketi yathunthu ya ufa pa Belgrave Road. Zinatchuka cha m'ma 2016. Kuno kuli amwenye ambiri amene anachoka ku Uganda, ku Kenya ndi kwathu ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, ena ukawapatsa moni wa Chichewa amayankha bwinobwino. Agogo ena amene ndimawasamalira amati ali ana ankathawa mkaka umenewu, mayi awo ankachita kuwagwira mphuno kuti ameze, lero adzukulu awo akuulipira ndalama zambiri n'kumaujambula.

Koma ndalowa kuti nditsimikize za anesi. Okalamba ambiri kuno amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Malangizo amene timapatsidwa kuntchito ndi oti wachibale akabweretsa makapisozi a turmeric tisampatse wodwalayo tisanafunse a pharmacy, chifukwa angapangitse magazi kusagwirana n'kumangotuluka. Wa mu ndiwo saletsa.

Anesi Opuma:
Eya asisi. Onjezanipo amene ali ndi miyala mu ndulu, chifukwa turmeric amafinyitsa ndulu ndipo ululu ungabuke. Amene anavutikapo ndi miyala ya mu impso asamachulutsenso. Woyembekezera adye wa m'zakudya monga mwa masiku onse, za makapisozi ayi. Amene akudikira opaleshoni awauze madokotala zonse zomwe akumwa, ngakhale zimene akuziona ngati tiyi chabe.

Agogo Nangozo:
Ana anga, andilembera ndi mdzukulu wanga. Ine vuto langa ndi maondo. Ndikakhala pamphasa kudzuka kwake mpaka wina andikoke. Mkaka umenewu ungandithandize?

Aphunzitsi a Sayansi:
Agogo, pa matenda onse amene atchulidwa pano, maondo ndi pamene pali kaumboni kooneka. Ku Tasmania, m'dziko la Australia, anayesa anthu 70 a nyamakazi ya m'maondo kwa masabata 12, zotsatira zinatuluka mu 2020. Amene ankamwa mankhwala opangidwa kuchokera ku turmeric ululu unachepako kuposa anzawo amene ankamwa makapisozi opanda kanthu, koma atajambula maondowo kutupa kwa m'kati kunali chimodzimodzi. Ndiye ndi kuchepetsako ululu pang'ono, si kubwezeretsa bondo. Ndipo anthu 70 ndi ochepa. Komanso iwo ankamwa wokhathamira, osati theka la kasupuni.

Imwani kapu yanu madzulo ngati mimba ikulola, mkakawo pawokha ndi chakudya chabwino kwa munthu wamkulu. Koma maondowo akawaonenso kuchipatala.

Anesi Opuma:
Ndipo mdzukulu amene mukulembayo, apezereni agogo kampando. Pamphasa pakuwapweteka.

Agogo Nangozo:
Akuti zikomo, koma pampando sakhalapo, amati nsima siikoma.

Make Tadala:
Kkkk agogo. Zikomo nonse, wakhandayu ndamuchotsamo. Tsono ufawo ndigule uti? Kumsika ndimaona wa m'timapepala tomanga pamanja, wina wachikasu chowala kwambiri, wina wotuwirako. Ndimaganiza kuti wowalayo ndiye wabwino.

Aphunzitsi a Sayansi:
Apo ndiye pamene anthu a ku Bangladesh anagwera. M'zaka za m'ma 1980 kunasefukira madzi, mizu ya turmeric inauma moipa n'kuda, ogula n'kumaikana. Opukuta mizu ena anayamba kuipaka utoto wachikasu wa m'mafakitale wotchedwa lead chromate kuti iwale, ndipo chizolowezicho chinakhazikika. Mu utoto umenewo muli mtovu. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, mwana amangovutika kusukulu osadziwika chifukwa, ndipo palibe mlingo wake umene tinganene kuti ndi wabwino. Ofufuza a ku Stanford University ndi anzawo a ku Dhaka anaulula zimenezi mu 2019. Boma la kumeneko linachita zamphamvu, linalengeza m'misika, kuyeza katundu pomwepo ndi kulipiritsa ogwidwa. Zoyesa za m'misika zopezeka ndi mtovu zinachoka pa 47 pa 100 kufika pa ziro mu 2021. Kwina amathiramo utoto wina wotchedwa metanil yellow, kapena ufa wa chinangwa ndi wa mpunga kuti achuluke.

Ndiye kuwala si umboni. Turmeric weniweni amakhala wachikasu chopita ku olenji, wosathobwa m'maso, ndipo fungo lake limamveka. Mungayese kuthira kasupuni m'tambula ya madzi osatakasa: weniweni amatsika pansi pang'onopang'ono madzi n'kungochita chikasu chopepuka, wothira utoto madzi amadetsedwa nthawi yomweyo. Kuyesa kumeneku kumagwira utoto wina, koma mtovu weniweniwo amaupeza ku labotale kokha. Kwa chinthu choti mupatse ana, ine ndingasankhe paketi yotsekedwa ya kampani yodziwika, ya chidindo cha MBS, oona za miyezo ya katundu, ngati ndi yopakidwa konkuno, kapena mizu yaiwisi imene mukuiona ndi maso.

Mlongo wa ku Karonga:
Kuno timautenga kutsidya, ku Kyela, amati manjano. Ine ndimagula mizu youma n'kusinja ndekha, koma konzekani, ndi yolimba zedi. Muyambe mwaiphwanya ndi mwala musanaiike mumtondo, apo ayi izingodumpha.

Mlimi wa ku Mulanje:
Nkhani yafika kwathu tsopano. Abale, chinthuchi chimamera konkuno, bwanji mukuvutika ndi za m'mapaketi? Ndi mbale wake wa jinja, pamene jinja akuchita bwino nayenso amachita. Ine ndinadzala kuseri kwa bafa kumene kumapita madzi, pansi pa nthochi, ndipo samafuna zambiri.

Mumadzala mvula yoyamba ikagwa. Dulani muzu m'zidutswa, chilichonse chikhale ndi maso awiri, kwirirani kuya kwa chala, kutalikirana phazi limodzi, pa mzere wothira manyowa okwanira. Phimbirani ndi udzu. Amadana ndi madzi odikha, mizu imaola. Masamba ake ndi aakulu, obiriwira bwino, ndipo pakatha miyezi 8 kapena 9 amayamba kuchita chikasu n'kuuma. Pamenepo ndiye mwakumba. Nyengo yake ndi inoyi mpaka Ogasiti.

Mukafuna wa mu mkaka simufunikanso ufa. Dulani kachidutswa kotalika ngati nsonga ya chala chachikulu, palani khungu ndi supuni, perani kapena phwanyani, wiritsani mu mkaka, sefani. Kukoma kwake n'kosiyana ndi kwa ufa, sawawa kwambiri ndipo amanunkhira. Mukafuna wosunga, wiritsani mizuyo m'madzi pafupifupi ola limodzi mpaka kamtengo kazilowa mosavuta, yanikani pathandala masabata awiri mpaka izilira mukaigogoda, kenako sinjani ndi kusefa. Mukayanika osawiritsa imachedwa kuuma ndipo mtundu sugwira bwino.

Nachisale:
Ine funso langa ndi mkakawo. Ndikangomwa kapu imodzi m'mimba mumalira usiku wonse, mpweya osati masewera. Ndiye kuti turmeric angathetse zimenezi?

Anesi Opuma:
Sangathetse. Anthu akuluakulu ambiri kuno kwathu matupi awo sagaya bwino shuga wa mu mkaka, amene amatchedwa lactose. Si matenda, ndi chibadwa. N'chifukwa chake ambiri chambiko amamwa bwinobwino koma mkaka wamadzi umawavuta, poti mu chambiko shuga uja wachepako. Kungoti chambiko simungawiritse, amadukadukamo. Yesani theka la kapu mutadya kale, kapena mkaka wa soya. Zikakanika musadzikakamize, thirani turmeric wanuyo mu mpunga, mu nyemba kapena mu nsomba, ndi yemweyo. Amwenye enieniwo wambiri amadyera mu ndiwo, tsiku lililonse, osati mu mkaka.

Poti tafika pa mkaka, ndinene chimene chimandidetsa nkhawa kuposa turmeric yense. Amene mumagula mkaka wa m'zigubu kwa anyamata a panjinga, wiritsani mpaka uwire ndithu, osati kungofunditsa. Mkaka wosawiritsa umatha kupatsira TB ya ng'ombe ndi matenda ena otchedwa brucellosis, amene amatenthetsa thupi mobwerezabwereza munthu n'kumangoti ndi malungo osamva mankhwala. Wa m'mapaketi wa kusitolo anauphika kale, umenewo kufunditsa kwakwana.

Bambo a Mphatso:
Nanga Cremora? Ndi amene amapezeka m'nyumba mwanga.

Asisi a ku Leicester:
Cremora si mkaka bambo, ndi woyeretsera tiyi, amapangidwa ndi mafuta a zomera ndi zotsekemera. Werengani pa paketi, eni ake salemba kuti mkaka. Kwa ana pezani mkaka weniweni, kaya wamadzi kaya waufa wolembedwa kuti full cream.

Make Yamikani:
Ndakhala ndikungowerenga, koma mundilole ndilankhule ngati mayi wa ana anayi. Mkaka wa ana anayi usiku uliwonse ndi lita yathunthu. Pamwezi ndi ndalama zingati, ndi mmene zinthu zakwereramu? Ine zoti pali chakumwa chimodzi cholimbitsa thupi zimanditopetsa, chifukwa chaka chino ndi turmeric, chaka chatha inali moringa, kusanabwere moringa tinali pa aloe vera. Nthawi zonse mayi wosauka ndi amene amadziona wolephera poti sakwanitsa. Ndalama ya lita imeneyo ine ndigula mazira, usipa, nsinjiro ndi masamba, ana adya onse n'kukhuta. Manachesi ndi malalanje ali mbwee nyengo ino. Amene muli nazo imwani, koma tisapanikizane.

Nabanda wa ku Limbe:
Make Yamikani mwanena zoona. Ana a m'nyumba imene ndinkagwira ija ankadya kanayi patsiku, mphodza ndi masamba osasowa, amagona m'masikito, katemera yense analandira. Wina akadzati ankakula bwino chifukwa cha haldi doodh ndiye kuti sanalowe m'khitchini muja.

Achimwene a ku Durban:
Komabe a Nabanda, munthu ukadwala kutali ndi kwanu, wina n'kukuterekera kapu yofunda, zimathandiza. Ine bwana wanga atandibweretsera koyamba m'fulasiki ndinamva ngati ndine munthu.

Nabanda wa ku Limbe:
Pamenepo sindikutsutsani achimwene.

Make Tadala:
Ndapanga madzulo ano kwa akuluakulu awiriwa, kotala ya kasupuni aliyense, mmene ananenera aphunzitsi. Wamkulu wamaliza, winayo walawa kamodzi n'kunena kuti ukununkha dothi. Koma abale, kapu yanga yapulasitiki yoyera ija yasanduka yachikasu, ndipo kansalu kopukutira mbale nditakapaka sopo kasanduka kofiira! Ndiye kuti ufawu ndi wa utoto uja?

Aphunzitsi a Sayansi:
Ayi mayi, musataye. Curcumin amatero akakumana ndi sopo, soda kapena chidulo, amasanduka wofiira. Mukadonthezapo madzi a mandimu abwerera ku chikasu. Ine ndimaonetsa ana zimenezi m'kalasi pophunzitsa za ma acid ndi ma base, poti zipangizo za mu labotale n'zosowa. Muwaonetse anawo mawa, akasangalala kuposa mmene asangalalira ndi mkakawo.

Nabanda wa ku Limbe:
Kansaluko chapani n'kuyanika padzuwa lamphamvu, dzuwa limadya mtundu umenewo. Kapuyonso ikhazikeni padenga tsiku lonse. Ulendo wina gwiritsani ntchito kapu yachitsulo kapena yagalasi, ndi chifukwa chake amwenye amakonda ziwiya zachitsulo. Kwa wokana uja thiranimo kasinamoni pang'ono ndipo muuphike nthawi yotalikirapo, fungo la dothi limatha. Akakanabe musiyeni.

Mlongo wa ku Karonga:
Ndipo musapere waiwisi m'mawa wa tsiku la ukwati. Zikhadabo zimakhala zachikasu mpaka sabata.

Nachisale:
A Mlimi a ku Mulanje, mbewuyo mungatigawireko? Ine ndili ku Chirimba, kuseri kwa nyumba kuli kamalo.

Make Yamikani:
Ya kudzala ndiye ndikufuna nawo, imeneyo siilira lita ya mkaka.

Mlimi wa ku Mulanje:
Ilipo, koma dikirani masamba aumiretu, ndikakumba pano mbewu yake imanyala isanafike mvula. Ndikakumba ndisunga mizu ikuluikulu yapakati ija, ndi imene imaphuka mwamphamvu. Mukailandira muiike pamthunzi, mukwirire ndi mchenga wouma kapena utuchi, musaitsekere mu jumbo. A ku Blantyre ndidzapatsira mwana wa achemwali anga amene amabwera ndi nanazi ku Limbe, a Nabanda adzakugawirani. A ku Lilongwe mugwirizane munthu mmodzi woti akalandire kudepoti, ya basi mudzalipira nokha.

Admin:
Ofuna mbewu lembani mayina ku inbox kwanga pofika Lachisanu, osati pano, gulu lingadzaze. Mayi Geni, funso la anesi lija likudikirabe.